Chigubu cha Clarrie

Warrick ndi mkazi wake Noeline ananyamuka dzuwa litapendeka kale. Wogulitsa petulo anawauza kuti agone pomwepo, madzulo msewu ndi wa makangaru, koma munthu wa mumzinda amamva zouzidwa? Warrick ankafuna kukagona ku Mulgana basi, katauni ka pakati pa chipululu.

Mdima utangogwa, phuu! Chikangaru pagalasi. Galimoto inakathera m'ngalande, Noeline mwendo utapanikizika, magazi ali chuchuchu. Foni netiweki inalibe.

"Usandisiye, Warrick. Kuno munthu sasiya galimoto, iwenso ukudziwa."

"Ndibwera pompano, Noe wanga. Magetsi si awo apo?"

Anamumanga mwendo ndi lamba n'kuuyamba wapansi. Koma magetsi a m'chipululu ndi abodza, abale: iwe ukuyenda, iwo akusunthira kutsogolo. Anafika pamanda akale, mpanda utagwa, mitanda yachitsulo itapendama. Kumbuyo kwake... gubu, gubu, gubu.

Anaima. Zii.

Anayenda. Gubu, gubu!

Anatembenuka. Mkulu wachipewa chotambalala, milomo itang'ambikang'ambika, chigubu chopanda kanthu chikumumenya pabondo.

"Nanunso mwasiya wanu, achimwene?"

"Wavulala! Chonde, muli ndi galimoto?"

"Musathamange," anatero mkuluyo, mawu ouma gwa. "Zothamanga zatha. Tiyeni ndikuperekezeni."

Anayenda limodzi. Miyala inkalira kumapazi a Warrick okha. Anatchera khutu kuti amve mnzakeyo akupuma... ayi ndithu. Mantha anamugwira, koma sanaleke kuyenda. Atafika panyumba yoyamba ya ku Mulgana anacheuka. Palibe munthu!

Anamenya chitseko cha bala mpaka mwini wake, mayi Beryl, anatsegula. Atangomva za ngoziyo anatola makiyi a lole, uku akumukalipira kuti alendo ndinu osamva. Warrick atatchula za mkulu wachigubu, mayiwo anaima chilili.

"Ameneyo ndi Clarrie," anatero motsitsa mawu. "Anamwalira ine ndili kamtsikana. Anasiya mkazi m'galimoto n'kupita kokasaka madzi. Onse awiri ali m'manda mwadutsamo."

"Ndiye tiyeni msanga, mayi! Noeline akundidikira!"

Mayi Beryl anamugwira dzanja, misozi ikulengeza.

"Tipita, mwana wanga, tipita. Koma Clarrie saperekeza munthu amene mkazi wake akadali moyo."