Anamasulira Uthenga Wake Womwe

Basi inanyamuka iye atagwira kale chitseko. Mtsikanayo anamenya galasi ndi chikhatho koma dalaivala sanacheuke n'komwe. Atakwiya anatukwana mokweza m'chinenero cha kwawo, podziwa kuti m'dziko la eni lino palibe angamve.

"Pepani achemwali, koma mayi ake a dalaivalayo sanakulakwireni."

Anatembenuka manyazi atamugwira. Pa benchi ya pasiteji panali mwamuna wovala ovolosi yothimbirira ndi penti, akuseka. Zaka ziwiri chibwerere kunja kuno, aka kanali koyamba kumva mawu a kwawo kuchokera kwa munthu amene akumuona ndi maso, osati pafoni.

Mwamunayo anamuuza kuti basi ina ibwera pakatha mphindi khumi, ndipo kuimirira sikungaifulumizitse. Mtsikanayo anakhala pansi monyinyirika. Sanali munthu wokhala pansi. M'mawa ankasita nsalu za pabedi m'chipinda chochapira cha hotela ina, madzulo ankakolopa m'maofesi, ndipo pakati pa ntchito ziwirizi ankangothamanga. Ngakhale nkhope ya munthu wa khomo loyandikana nalo sankaidziwa.

"Ndimakuonani tsiku lililonse mukudutsa ngati kamphepo," anatero mwamunayo. "Ndani akukuthamangitsani?"

Dzina linamera pomwepo. Iye anakhala Kamphepo, mwamunayo anakhala Wapenti. Basi yachiwiri itafika, onse awiri anaisiya dala.

Pasanathe mwezi, foni ya Kamphepo inkalira nthawi ya nkhomaliro. "Kamphepo wanga, wadya? Usadye choimirira ngati waba." Tsiku lina: "Khoma ndikupentali landikwiyira, akuti ndikungolemba dzina lako." Kamphepo ankawerenga atabisala kuseri kwa makina ochapira, akumwetulira mpaka anzake a pantchito anayamba kumufunsa ngati wakwezedwa.

Wapenti ankabwera kuchipinda kwake Lachitatu lililonse masana. Anamuuza kuti iye amakhala ndi amuna anzake asanu m'kachipinda konunkha nsapato, malo osayenera mkazi waulemu. Anapemphanso kuti asamamuimbire akaweruka, chifukwa anzakewo ndi amiseche. Kamphepo sanaone chovuta. Akanaona bwanji, munthu atamugwira dzanja n'kumulonjeza kuti, "Chaka chino chisanathe, amalume anga akagogoda kwa amalume ako"?

Achemwali ake aakulu okhala kumudzi atamva nkhaniyi pafoni, anangofunsa ngati iye anapondako komwe mwamunayo amagona. Kamphepo anapsa mtima, n'kuwauza kuti nsanje idzawapha, n'kudula foni. Anakhala sabata ziwiri osawaimbira.

Koma chimene Wapenti anamuphunzitsa, choti asamangothamanga, chinali chenicheni. Kamphepo anasiya ntchito yokolopa. Anayamba kupatsa moni agogo a khomo loyandikana nalo, omwe anamuonetsa zithunzi za galu wawo amene anafa kalekale. Anadziwa kuti mlonda wa pahotela ali ndi mapasa. Nkhomaliro ankadyera pa benchi ya m'kapaki kuseri kwa hotela, nsapato atavula.

Pa benchi imeneyo ndi pomwe anadziwana ndi mayi wina wa konkuno, wovala jasi loyera, wogulitsa mankhwala m'famasi ya tsidya la msewu. Poyamba ankangogwedezerana mitu. Kenako Wafamasi anayamba kumuthirira tiyi wa m'fulasiki yake. Ankacheza m'chinenero cha dzikolo, chimene Kamphepo ankachithyola ngati nkhuni, ndipo Wafamasi ankamukonza moleza mtima, akuseka. Kamphepo anamuuzako Wapenti kuti wapeza mnzake. Iye anangoti "zabwino", maso ali pafoni, osafunsa kuti mnzakeyo ndani.

Lachisanu lina Kamphepo atamaliza kulankhula ndi achemwali ake, anaona kuti Wafamasi sanakhudze chakudya chake. Mayiyo anati wakhala akufuna kufunsa kwa masiku ambiri koma amachita manyazi. Mwamuna wake, anatero, ndi wochokera kutali, ndipo akamalankhula ndi abale ake mawu ake amamveka ngati a Kamphepo. Masiku ano amalowa ndi foni kubafa. Dzulo lake anaiiwala patebulo, ndipo iye anajambula mauthenga ake.

"Akuti ndi folomani wa kuntchito. Koma ndi folomani wanji wolemba kasanu patsiku? Chonde, ndiwerengereni."

Kamphepo analandira foni akuseka pang'ono, akuganiza za mmene akamuuzire Wapenti kuti kuli wakwawo wina mumzinda muno. Pamwamba pa chithunzicho panalembedwa kuti Folomani. Pansi pake panali mawu awa: "Wandisiyira fungo la penti pa pilo. Sindichapa mpaka Lachitatu."

Anawerenga kachiwiri. Anaona chilembo chimene analakwitsa yekha polemba, ataimirira pafupi ndi ayironi. Yankho la mwamunayo linali pomwepo: "Kamphepo wanga, iwe ndiwe nyumba yanga m'dziko lino."

Folomani! Miyezi isanu ndi iwiri ya Lachitatu, ntchito imene anasiya, achemwali ake amene anawanyoza, zonsezo n'kukhala folomani? Sanagwidwe ndi chisoni koma ndi ukali umene sanaumvepo chibadwire.

Wafamasi anali akudikira. Analoza mawu amodzi amene anawazindikira, oti penti, n'kufunsa ndi chiyembekezo ngati mwina n'zantchitodi. Kunama kunali kosavuta. Kamphepo akanangovomera, n'kuvala nsapato, n'kusadzabweranso pa benchiyo. Koma anayang'ana kapu ya tiyi imene mayiyu anamuthirira, ndipo bodza linakana kutuluka.

Anamasulira uthenga woyamba. Anamasulira wachiwiri, ndi wobwereza lonjezo la amalume lija womwe. Sanadumphe liwu. Atamaliza anatulutsa foni yake, n'kuitsegula, n'kuiika pafupi ndi inayo.

"Folomaniyo ndine."

Wafamasi anayang'ana mafoni awiriwo kwa nthawi yaitali. Kenako anaimirira, n'kutenga fulasiki, n'kuimenyetsa pa mtengo mpaka inaphwanyika mkati. Anayenda kukafika pa geti la paki. Kamphepo anaganiza kuti basi wapita, koma mayiyo anabwerera nkhope itafiira, n'kufunsa ngati iye ankadziwa. Kamphepo anati ayi, anauzidwa za amuna asanu ndi nsapato zonunkha. Mayiyo anaseka kuseka koipa. Anati ali pabanja zaka zinayi, ndipo nsapatozo amachapa ndi iyeyo.

Anafotokozanso kuti akakangana, mwamunayo amathawira m'chinenero chake, n'kumaimbira abale ake iye ali pompo ngati mpando. Ulendo uno sankafuna kuphonya liwu ngakhale limodzi. Anamupempha Kamphepo kuti abwere kunyumba mawa lake masana.

Madzulo amenewo uthenga unalowa: "Wagona kale, mtima wanga? Lachitatu likuchedwa." Kamphepo analemba mayankho anayi, onse otukwana, n'kuwafufuta. Anaimbira achemwali ake. Iwo sananene kuti ndinakuuza. Anangoti apite, koma asagwire mpeni kapena botolo, chifukwa kundende ya kunja kulibe wodzamuona.

Nyumbayo inali pansanjika yachitatu. Khitchini inali yopakidwa penti yachikasu, mosamala, popanda dontho pansi. Pakhoma panali chithunzi cha ukwati, Wapenti atavala suti, akumwetulira kumwetulira komwe kuja. Pa mpando panali juzi imene Kamphepo anamugulira kutayamba kuzizira. Anafunsa kuti mwamunayo anati waitenga kuti. Wafamasi anati anamuuza kuti ndi mphatso ya kampani.

Kiyi inalira pachitseko cha m'ma folo koloko. Wapenti analowa akuimba mluzu, thumba la zogula lili m'manja. Atawaona awiriwo atakhala patebulo limodzi, thumba linagwa ndipo mazira anasweka pansi.

Anayamba ndi Kamphepo, m'chinenero cha kwawo, motsitsa mawu. Anamufunsa kuti akutani kuno, n'kumupempha kuti asanene chilichonse, akambirana awiri panja.

Kamphepo anatembenukira kwa mkazi wake. "Akuti ndisakuuzeni chilichonse."

"Iwe, usatero. Ndife amodzi ife. Ungandigulitse kwa mlendo?"

"Akuti inu ndinu mlendo," anatero Kamphepo, "m'khitchini mwanu muno."

Wapenti anagwada pamazira pomwepo. Misozi inatuluka, yeniyeni, ndipo mawu ake anali aja a Lachitatu, ofewa, amene ankamupangitsa Kamphepo kuiwala kutopa kwa sabata yonse.

"Kamphepo wanga, tamvera. Uyu ndinamukwatira chifukwa cha mapepala okhalira m'dziko muno. Yatsala miyezi isanu kuti atuluke okhazikika. Ndikangowalandira ndimusiya. Amene ndimamukonda ndi iwe. Pirira pang'ono chabe."

Choipa kwambiri n'chakuti mbali ina ya mtima wa Kamphepo inafuna kukhulupirira. Kodi si mawu amenewa amene ankawalakalaka? Wafamasi sanamve kanthu. Kamphepo akanatha kuwasunga mawuwo, akhale ake yekha. Koma anaona mmene mayiyo ankayang'anira pakamwa pake, akudikira ngati wodwala pamaso pa dokotala, ndipo anazindikira kuti munthu wowerengera masiku mkazi amene amamuchapira nsapato, tsiku lina adzawerengeranso iye.

Anamasulira zonse, pang'onopang'ono, kuti pasakhale liwu lolakwika. Pa miyezi isanu anaonetsa ndi zala.

Wapenti anadzambatuka. Misozi inauma nthawi yomweyo. Anatembenukira kwa mkazi wake n'kuyamba kulankhula chinenero cha dzikolo mothamanga. Anati mtsikanayu ndi wozungulira mutu, wosita nsalu wamba amene amamulondola paliponse, ndipo akumasulira zabodza chifukwa anamukana. Anaiwala kuti Kamphepo tsopano ankamva zonse. Mtsikanayo anagwira m'mphepete mwa tebulo mwamphamvu mpaka zikhadabo zinawawa, kuti dzanja lisapite komwe linkafuna kupita.

Wafamasi anatola kiyi ya mwamuna wake imene inagwa pansi ndi thumba lija n'kuiika m'thumba la siketi yake. Kenako anamufunsa Kamphepo kuti kwawo amati chiyani pothamangitsa munthu m'nyumba.

"Tuluka."

Mayiyo anayeserera kawiri chapansipansi. Anaimirira, n'kutsegula chitseko mpaka kukhoma, n'kumuyang'ana mwamunayo m'maso.

"Tuluka!"

Analitchula mokhota, koma Wapenti anamva. Anayang'ana uku ndi uku ngati pali wina womuikira kumbuyo, ndipo atasowa anatuluka, maondo a buluku ali noninoni ndi mazira. Mapazi ake anamveka akutsika masitepe mpaka anazimiririka.

Ukali wa Kamphepo unatha. Anafuna kupepesa, anafuna kutsanzika, koma chimene chinatuluka chinali kulira kokhakokha, kwa mapewa ogwedezeka. Wafamasi sanamukumbatire, ndipo sanamuuze kuti zitha. Anatenga nsanza ziwiri pansi pa sinki, imodzi n'kumupatsa. Anagwada onse awiri, wina mbali iyi wina mbali iyo, n'kuyamba kupukuta pansi.