Tepi Yakuda ya Mayi Telala

Umphawi, abale anga, umapiririka ngati nonse mumsewu mwanu muli amphawi. Umayamba kuluma tsiku limene mnzako waikitsa chitseko chagalasi.

Panali mayi wina telala amene ankasokera pakhonde la sitolo yogulitsa misomali ndi penti. Mwamuna wake adamwalira kalekale n'kumusiyira zinthu ziwiri: makina opalasa ndi mapazi, omwe lamba wake anali wolumikiza ndi waya, ndi mwana mmodzi wamkazi. Mwanayo anthu ankamutcha Kabatani, chifukwa akukwawa adameza batani la malaya n'kusowetsa anthu mtendere masiku awiri. Dzinalo lidamukakamira mpaka kukula.

Ntchito yobwera pakhondepo inali ya zigamba, zipi wakufa ndi mathalauza ofupikitsa. Koma mayiyu anali ndi chizolowezi chimene adatengera kwa amayi ake. Asanadule nsalu iliyonse, ngakhale ya kathumba, ankaika sizasi pansi, n'kutsinzina, n'kunena kuti, "Ambuye, gwirani dzanja langali. Inu mukuona kumene nsaluyi ikupita, ine sindikuona." Amayi ake ankati nsalu ukadula sibwerera, ndiye uziyamba wafunsa Mwini maso. Sizinali za nsalu zokha ayi. Sukulu ya mwana, nyumba yosamukira, zonse ankayamba wafunsa.

Tsidya la msewu kudatsegulidwa shopu ya mayi wina amene adaphunzira naye kusoka, munthu woti nthawi imeneyo ankalephera ngakhale kuwongola msoko. Tsopano anali ndi makina amagetsi asanu ndi limodzi, ndi zidole zovekedwa madiresi pawindo. Mayi telala ankapalasa makina ake maso ali tsidya, mpaka tsiku lina adadzisoka chala.

Mwezi womwewo mavuto adabwera ngati adachita kupangana. Lamba adadukanso, Kabatani adadwala chifuwa chosamva mankhwala, ndipo mwini sitolo adati akufuna kumanga pakhondepo, asamuke mwezi ukatha. Mayiyo adapemphera masabata atatu, adasala kudya, adalira mpaka mawu kusasa. Kumwamba kunali zii.

Mng'ono wake, yemwe ankaimba kwaya, adabwera kudzamulimbikitsa. "Achemwali, dikirani. Mulungu sachedwa."

"Sachedwa kwa iwe wa mwamuna wapantchito," adatero mayi telala. "Ine ndamufunsa njira zaka makumi awiri, ndipo njira zake zonse zimathera pakhonde la eni."

Kasitomala wina ndiye adamunong'oneza za bambo wina wodziwa kukhwimitsa anthu, wokhala kuseri kwa malo ometera tsitsi. Mayiyo adapitako masana dzuwa likuswa mtengo, atanamiza Kabatani kuti akukagula ulusi. Ankayembekeza kupeza zigoba ndi mafupa. Adapeza chipinda chosesedwa bwino, tebulo, mipando iwiri, ndi bambo wa malaya oyera osita akusenda lalanje.

"Khalani, mayi telala," adatero bamboyo asanauzidwe kanthu. "Mwatopa kufunsa kosayankhidwa."

Mayiyo adakoka mpando. Adakhala.

Bamboyo adatsegula kabati n'kutulutsa tepi yoyezera, yakuda bii, manambala ake ofiira. "Aliyense amene mumuyeze ndi iyi, chovala chake chidzamukhala ngati anabadwa nacho. Adzabwera ndi anzake, anzakewo ndi anzawo. Mudzachita kuwabweza."

"Ndipereke chiyani? Ndilibe kanthu."

"Ine sindilandira ndalama, mayi. Koma mankhwala alionse ali ndi chizimba chake. Choyamba, tepiyi izikhala m'khosi mwanu, muziichotsa poyeza pokha. Chachiwiri, kapemphero kanu kaja ka pa sizasi mukasiye. Mapanga awiri avumbwitsa."

Mayiyo adafunsa kuti, "Chachitatu?"

"Chaka chilichonse, mwezi ngati uno, tepi imafuna kuyeza munthu wa magazi anu. Kuyambira paliwombo mpaka kuchidendene. Kamodzi kokha."

"Telala sayeza choncho. Timayambira paphewa."

"Alipo amisiri ena amene amayeza choncho," adatero bamboyo, akulavulira njere ya lalanje m'dzanja. "Aja a matabwa, okhoma mabokosi a maliro."

Mayiyo adamva bwinobwino. Asakunamizeni munthu kuti sadamve. Adaimirira, adafika mpaka pachitseko, ndipo m'makutu mwake munkamveka kutsokomola kwa Kabatani. Mumtima adayamba kuwerenga abale: amalume okalamba, odwaladwala kale, ndi ena akutali amene sanamuthandizepo n'kamodzi komwe. Adati ndikangoima pandekha chaka chimodzi, ndidzaibweza. Adabwerera n'kuweramitsa mutu, bamboyo n'kumuveka tepiyo. Inali yozizira.

Zinthu zidayenda, osati masewera. Diresi loyamba adasokera mkazi wa mwini sitolo, ndipo sabata isanathe pakhonde paja panali mzere. Miyezi isanu ndi umodzi itatha anali ndi shopu yakeyake, chitseko chagalasi, antchito asanu ndi atatu. Shopu ya tsidya ija idatsekedwa. Kabatani adachira, adanenepa, adalowa sukulu ya uphunzitsi. Mayiyo ankayeza anthu makumi atatu patsiku, moti dzanja lidazolowera kupita lokha kukhosi, kukoka tepi, kuyeza, n'kuibweza, iye akucheza nkhani zina. Kutchalitchi ankapitabe, ankakhala kutsogolo, adagulira kwaya mikanjo. Koma sizasi ankangoitola n'kudula.

Chaka chitakwana, tepi idayamba kuthina. M'mawa inkagona bwino pamapewa, pofika masana inali itazungulira khosi, kumeza madzi kukuvuta. Adapirira masiku anayi. Tsiku lachisanu adapita kwa amalume ake ndi nsalu ya suti.

"Mphwanga wandikumbuka," adatero mkuluyo, akuimirira movutika, chimwemwe chitadzaza tsaya. Mayiyo adawayeza mapewa, manja, chiuno, kenako adakweza tepi paliwombo n'kuitsitsa mpaka pansi. Suti idatha Lachitatu. Amalumewo adaivala Loweruka, atagona chagada. Anthu pamaliro adamuyamikira mayi telala kuti ndi mwana wodziwa abale.

Kubweza tepi kuja sadakukumbukenso. Adatsegula shopu yachiwiri.

Chaka chachiwiri adafunafuna abale akutali aja, koma wina anali atasamuka, wina adakana kuti safuna zaulere. Tepi idathina mpaka mawu kumatuluka ngati a munthu wachimfine. Tsiku limenelo ndi limene mng'ono wake adalowa mushopu kudzayezetsa mkanjo watsopano wa kwaya.

"Achemwali, mwaonda," adatero atatambasula manja. "Ndipo ndaona kuti masiku ano mumangodula osatsinzina. Amayi akadakhalapo bwenzi atakutsinani khutu."

"Ntchito yachuluka. Ima bwino."

"Ichuluke bwanji mpaka kusowa mpweya umodzi wofunsira njira? Ngati pali chimene chikukuvutani, tiyeni kwa abusa. Palibe mfundo imene Mulungu sangamasule." Kenako adaseka. "Nanga mukuyambira kumutu bwanji? Mkanjo wake wokhala ndi chipewa?"

"Ndikungoona kutalika," adatero mayi telala.

Mng'ono wakeyo adagwa Lamlungu ali pakati poimba, ndipo sadadzukenso. Usiku wa maliro anthu ankati taonani chikondi, mkulu wake akudzigwetsa pansi chotere. Sankadziwa kuti akulira zinthu ziwiri.

Atangoika maliro adathamangira kuseri kwa malo ometera kuja. Adapeza bambo uja ali pampando womwewo.

"Tengani chinthu chanu. Tengani ndi mashopu omwe, ndibwerere pakhonde."

"Munadula kale, mayi. Inu nomwe mumati nsalu ukadula sibwerera."

"Ndatsala ndi mwana mmodzi. Mmodzi yekha. Yezani ine."

"Telala sadziyeza yekha," adatero bamboyo mofatsa. "Pitani, makasitomala akudikira."

Mayiyo adayesa kuidula tepiyo ndi sizasi, sizasi idabuntha. Adaiponya pamoto wa mbaula, m'mawa adadzuka ili m'khosi. Kawiri konse adafika pachipata cha nyumba ya abusa. Ulendo wachiwiri mayi busa adamuona n'kumuitana kuti, "Lowani, mayi, tiyi ali pamoto." Mawu a mng'ono wake aja adamubwerera, oti palibe mfundo imene Mulungu sangamasule, ndipo phazi limodzi lidalowa ndithu. Koma adaganiza zoti akaulula, anthu adzadziwa chimene chinapha woimba kwaya uja, adzamulavulira, Kabatani sadzamutchulanso amayi. Adati, "Ndimangodutsa," n'kubwerera. Apa ndiye pamene ine pamandipwetekera mtima, chifukwa chitseko chinali chotsegula.

M'malo mwake adadalira nzeru zake. Adati tepi ikathina ithine, indiphe ine, koma mwana wanga sindimuyeza. Adagula tepi ina yachikasu kusitolo n'kuiika m'kabati, kuti ikhale ya Kabatani yekha.

Chaka chachitatu Kabatani, yemwe tsopano anali namwali wophunzitsa ana asukulu, adapeza mwamuna. Ukwati adauika mwezi womwe uja umene tepi imafuna munthu. Mayi ake adayesa kuusunthira kutsogolo, akuchimuna adakana. Adayesa kunena kuti diresi akagule losokasoka.

"Amayi, tauni yonse ivale zosoka inu, ine mwana wanu ndikavale zogula? Anthu adzati ndinakulakwirani chiyani?"

Adasoka. Adayeza ndi tepi yachikasu, mosamala ngati wanyamula mazira, mwana akuseka kuti amayi akuda nkhawa ngati ukwati ndi wawo. Yakuda ija inali itathina kale. Sankadya, ankagona chokhala, ankavala mpango m'khosi kubisa mikwingwirima. Komabe mumtima ankati ndapambana, kwangotsala masiku atatu.

Lachitatu masana shopu inali yodzaza. Makina onse ankalira, operekeza mkwatibwi asanu ankakangana za kutalika kwa madiresi awo, wina akuti lake lamuthina m'khwapa. Mayi telala adawayeza onsewo mmodzimmodzi ndi tepi yakuda, poti sanali magazi ake, dzanja likupita kukhosi n'kubwerera, kupita n'kubwerera. Kabatani adaimirira pakabenchi atavala diresi lake loyera, amayi ake atagwada akupinda m'munsi, mapini ali kukamwa.

"Amayi, velo mwaiwala," adatero Kabatani. "Ndikufuna lalitali, lochokera pamutu mpaka pansi."

"Mayi, foni," adaitana wantchito wina. "Mayi, ulusi woyera watha," adatero winanso.

"Ndikubwera," adayankha ndi mapini kukamwa. Adaimirira, adaika chala paliwombo pa mwana wake, adatsitsa mpaka kuchidendene, n'kutchula nambala kuti wantchito alembe.

Pomwepo khosi lidamasuka. Mpweya udalowa wonse, wozizira bwino, koyamba m'masabata atatu. Adayang'ana m'dzanja lake: munali tepi yakuda. Tepi yachikasu inali m'kabati momwe adaisiya.

"Amayi, bwanji? Mapini akugwa."

Adamukumbatira miyendo mwana wakeyo n'kuyamba kukuwa. Adaulula zonse pomwepo, pamaso pa antchito ndi makasitomala, za amalume, za mng'ono wake, za bambo wa malalanje. Adayesa kupemphera pemphero lija la amayi ake, koma adangofika pakuti "Ambuye, gwirani," mawu ena onse adamuthawa. Kabatani adatsika pabenchi, nkhope itayera ngati diresi lakelo, ndipo chimene adanena n'chakuti, "Amayi, mukanandifunsa ine, pakhonde paja panalibe vuto. Ndinkasangalala."

Madzulo ake Kabatani adayamba kumva mutu. Kuchipatala adamuyeza zonse osapeza kanthu. Abusa adabwera, ndipo Kabatani adapemphera nawo ndi mawu ake, modekha, n'kupempha kuti amayi ake asawathamangitse. Adamwalira Lachisanu dzuwa likulowa. Loweruka tchalitchi chidadzaza pa ola lomwe adalemba pamakadi, maluwa ake omwewo, kwaya yake yomweyo, ndipo iye adavala diresi lake ndi velo lofika kuchidendene.

Mashopu adatha mwezi usanathe, poti palibe amene ankafunanso kuyezedwa. Kuseri kwa malo ometera kuja anthu adakapeza chipinda chopanda kanthu, makoko a malalanje ali pakona. Mayi telala alipo mpaka lero. Amakhala pakhonde lija la sitolo ya misomali, limene mwini wake sadamangepo n'komwe, chifukwa adasintha maganizo sabata yomwe ija mayiyo adapita kukatenga tepi. Amapalasa mapazi pansi popanda makina. Munthu akamadutsa amamugwira malaya n'kumufunsa kuti, "Pepani, njira ndi iti?" Ukamulozera, amapukusa mutu n'kufunsa wotsatira.

Ndiye inu amene mwapemphera mpaka mawondo kuchita zikang'a koma kumwamba kuli zii, musathamangire kuseri kwa nyumba za anthu. Kukhala chete kwa Mulungu si kuchoka kwake, ndipo Iye amaona kumene nsalu ikupita pamene ife tikungoona pamene pali sizasi. Chuma cha mankhwala chimadya a m'nyumba mwako, ndipo dyera likakuzoloweza dzanja, tsiku lina dzanjalo lidzagwira ntchito lisanakufunse. Ndi bwino kusoka zigamba pakhonde mwana wako akukutungira singano, kusiyana ndi kukhala ndi chitseko chagalasi chopanda wolowapo n'kukuitana kuti amayi.