Anadzutsa Kompyuta ya Malemu Mailosi

Mlamu wanga Clement ndi munthu wabwino, koma ulesi wake ngwa m'mafupa. Amagwira ntchito ku ofesi ya kopaletivu ya alimi pa boma pa Chadiza. Pothawa kupalasa njinga madzulo, anakonza zoti aziyatsa makompyuta a mu ofesi ali khale kunyumba. Ankati kompyuta yozima imakhala itangogona. Bola chingwe cha magetsi ndi cha netiweki zili m'malo mwake, ukaitumizira kauthenga pa foni imadzuka yokha. Ankanyada nazo mpaka kutitopetsa.

Kenaka a Mailosi, kalaliki wa mu ofesimo, anamwalira. Ndiwo ankayimbitsa kwaya ku mpingo kwathu. Maliro ataikidwa, mkazi wawo anabwera ndi achimwene ake, nafunditsa chitenje pa desiki ya malemuyo, kompyuta ndi zonse. Anapempha kuti wina asakhudzepo kanthu mpaka m'meto utachitika. Aliyense anavomera, Clement yemwe.

Koma a kwaya ankafuna nyimbo ina imene malemu anapeka n'kudzijambula okha, kuti akaiyimbe pa m'meto. Inali mu kompyutamo. Madzulo amenewo ndinali kwa Clement, tikuswa mtedza pakhonde, kachisisira katangogwa. Ndinamuona akutulutsa foni.

"Alamu, paja anati tisakhudze," ndinatero.

"Ndikukhudza chiyani? Ine ndili pano, ofesi ili uko. Ndi foni chabe iyi."

Anadina. Posakhalitsa zonse za mu kompyuta ya malemu zinaoneka pa foni. Anaipeza nyimboyo, naitsegula kuti amve ngati ndi yomweyo. Pa foni panali zii. Anakweza mawu, ziibe. Mpamene anazindikira kuti ikulira ku ofesi, m'masipika a pa desiki. Anazimitsa msangamsanga, naseka. Nanenso ndinaseka, sindikana. Za a Dominiko panalibe anakumbukira.

A Dominiko anali mlonda wa pa ofesipo, nkhalamba yachikatolika ya ku Zingalume. Iwo akuti anali atangokhala pa mpando wawo pakhomo. Anamva kaphokoso m'kati, ngati munthu akupuma. Kusuzumira pa zenera, chitenje chija chikuwala, maluwa ake onse kuoneka. Chitseko chili chotseka. Loko ali pomwepo. Kenaka mawu. A Mailosi eniake, kutsokomola kaye monga ankachitira, n'kuyamba kuyimba.

Kuwala kunazima. Nyimbo sinazime.

Akuti inatuluka m'nyumbamo, inadutsa pambali pawo, nilowa mumsewu. Inkapita pang'onopang'ono ngati munthu wodikira mnzake. Iwo akaima, nayonso inkaima. Miyendo inangotsatira.

M'bandakucha amayi opita kudimba anawapeza kumanda, atakhala pambali pa mtumbira watsopano uja, kolona m'manja, mame thupi lonse. Kwathu kuno munthu wopezeka kumanda nthawi imeneyo safunsidwa zambiri. Mfuu inamveka mpaka kumsika. Ine ndi Clement tinafika anthu atadzaza, achibale a malemu atawagwira m'khosi, ena akutola miyala. Nkhalamba inkangoti, "Amandiitana ndi iwo, amayimba," anthu n'kumakuwa kuti mfiti yadziulula yokha.

Ndinamugunda Clement ndi chigongono. Anayang'ana mayi wamasiye akulira, anayang'ana miyala ija, naweramitsa mutu. Tinaima pamenepo ngati alendo, ndipo manyazi ake sanandichokebe. Apolisi ndiwo anawalanditsa a Dominiko, magazi ali chuchuchu pamphumi. Ntchito inathera pomwepo. Mwini nyumba imene ankakhala anawatayira katundu panja.

Sabata imeneyo Clement chakudya ankangochiyang'ana. M'meto utatha analimba mtima, napita kwa a tcheyamani a kopaletivu, achimwene a mayi wamasiye ali pomwepo kudzatenga katundu wa malemu. Anafotokoza zonse, nati awaonetse ndi maso. Anadina foni. Anadinanso, thukuta lili kamukamu. Kompyuta sinayake.

Achimwene aja anavundukula chitenje. Chingwe cha magetsi chinali pamwamba pa kompyuta, chokulunga bwinobwino, chomanga ndi luzi.

"Ndinazula ndekha tsiku lomwe tinafunditsa," anatero. "Onani, mfundo yake ndi yanga. Mlonda wanuyo wakudyetsani chiyani kuti muzimuikira kumbuyo?"

Pofika madzulo, pamsika ankanong'ona kuti nkhalamba ija yamupepetula mutu nayenso Clement ndi mankhwala. Kuulula kwake kunangowonjezera mlandu wa a Dominiko.

Lamlungu lotsatira tinapita ku Zingalume. Tinawapeza kuseri kwa nyumba ya mlongo wawo, ataonda, chilonda chisanapole, makutu onse awiri atatseka ndi thonje la m'munda. Clement anagwada. A Dominiko anachotsa thonje khutu limodzi, namvetsera mpaka kumapeto, koma maso ali kumsewu.

"Ndiye munawadzutsa ndinu?"

"Ndine, bambo. Ndinalakwa. Ndipo tsiku lija akukugendani ndinalipo, ndinangokhala chete. Pepani."

Nkhalamba inagwedeza mutu, nimugwira paphewa.

"Za miyala zisiyeni, mwana wanga, zipola. Koma poti kuyatsa mumadziwa, chonde kazimitseni. Dzuwa likangolowa amafika pakhomo apa, ndipo nyimboyo sanaimalizebe."