Lina Abereka Chikwama

Lina ankakhala kufupi ndi Tsangano. Ankafuna chikwama cha kushikola. Makadeno ake, mabuku olembamo aja, ankawaika m'pepala la pulasitiki. Mvula ikagwa, makadenowo ankanyowa.

Tsiku lina atate anakagulitsa mbatatesi kumsika. Anabwerako ndi chikwama chofiira, chobereka kumsana. Koma kukula kwake, abale! Kamwana ka mbuzi kakanakwanamo.

"Papa, si chachikulu chimenechi?" anafunsa Lina.

"Ukula nacho," anayankha atate.

Atate a Lina ndi otero. Nsapato amagula zazikulu. Malaya amagula aakulu. Chikwamanso anagula chachikulu.

M'mawa Lina anabereka chikwama chake. Chinalendewera mpaka m'mawondo. Akaponda, chinkamumenya, phu! Akapondanso, phu! Lamba wa kumanja anatsetsereka. Lina anamukweza. Lamba wa kumanzere anatsetsereka. Lina anamukwezanso.

Njira ya kushikola ndi ya zitunda. Pamtsetse Lina anagwa. Anasupuka pachigongono. Anafika anzake atayamba kale kulemba.

Madzulo atate anaona chilondacho.

"Chikwamachi chikupweteka, mwanawe," anatero. "Mawa m'mawa ndikuonenso. Chikapanda kukukwana, atenge Élio."

Élio anali mchimwene wake wamkulu wa Lina. Pomulemekeza, Lina ankamutchula kuti mano. Iyenso analibe chikwama. Iyenso ankachifuna. Élio anamwetulira. Lina anamva chisoni kwambiri.

Lina anasenza chikwama pamutu.

"Kodi ukupita kuchigayo?" anatero Élio, uku akuseka.

Lina anamanga malamba ndi luzi. Anayenda pang'ono. Luzi linaduka. Chikwama chija, phu!

"Lina, tandiberekera Tiago," anaitana amayi. "Ndikufuna ndisankhe nyemba."

Tiago anali khanda la pakhomopo. Kubereka mwana ndiye Lina ankakudziwa. Anawerama. Anaika Tiago pamsana. Anamukankhira m'mwamba. Anamanga nsalu ya kapulana pachifuwa, zolimba.

Lina anayenda pabwalo. Tiago sanalendewere. Tiago sanamumenye m'mawondo. Chonsecho Tiago ankalemera kuposa chikwama.

Lina anaima.

"Iii! Amayi, mwana saberekedwa m'mawondo!"

"Nanga ndani anati amaberekedwa m'mawondo?" anafunsa amayi.

Tiago atagona, Lina anamugoneka pamphasa. Anatenga chikwama chija. Anawerama. Anachiika pamsana. Anachikankhira m'mwamba ngati mwana.

Koma malamba anali aatali. Lina anawayang'anitsitsa. Lamba aliyense ankadutsa m'kapulasitiki kakuda. Kunsi kwake kunatsala kamchira. Lina anakoka kamchirako. Sikanasunthe. Anakokanso. Malamba atsopano ndi ouma, ndipo manja a Lina anali aang'ono.

Atate anali atabwerera kudimba. Amayi anali ndi lichero m'manja. Wongokhala anali Élio yekha.

"Mano Élio, tandikokereniko," anatero Lina.

Élio anayang'ana chikwama. Anayang'ana chilonda cha Lina. Akakoka, chikwama si chakenso. Zimenezo ankazidziwa. Anakanda mutu. Anakandanso mutu.

"Werama bwino, iwe," anatero.

Élio anakoka lamba wa kumanja. Lamba anafupika. Anakoka wa kumanzere. Nayenso anafupika.

"Mwakoketsa, mano! Ndikulephera kupuma!"

Élio anamasula pang'ono.

"Nanga apa?"

"Apo ndiye bwino."

M'mbali munali malamba ena awiri. Élio anawazunguliza m'chiuno mwa Lina. Anawalumikiza pamimba, kha! Lina anaweramuka. Chikwama chinakhala phee pamsana.

M'mawa kunacha ndi chisanu. Atate anaima pakhomo. Lina anabereka chikwama chake.

"Tayenda," anatero atate.

Lina anayenda. Chikwama chili phee.

"Tadumpha."

Lina anadumpha. Chikwama chili phee.

"Tathamanga."

Lina anathamanga mpaka pakhola. Anabwerako. Chikwama chili phee.

"Basi, ndi chako," anatero atate. "Sindinanene ine kuti ukula nacho? Taonani, usiku umodzi wokha wakula!"

Amayi anaseka.

Élio anatenga pepala lake la pulasitiki. Sanaseke. Anangoyamba kuyenda.

"Mano, taimani," anatero Lina.

Lina anatula chikwama. Anachitsegula. Munali makadeno awiri okha ndi chimanga chootcha. Malo anali ambiri.

"Ikani anu muno. Kukubwera mvula."

Élio anaika makadeno ake. Lina anaberekanso. Anawerama, n'kuchikankhira m'mwamba.

"Ndiye pobwera ndibereke ine?" anafunsa Élio.

Lina anaganiza kaye.

"Mubereke," anatero. "Koma tikafika kunyumba, mundikokerenso malamba."

"Ndikoka," anatero Élio.

Anatsika chitunda limodzi. Tsiku limenelo Lina sanagwe, ndipo sanachedwe.