Mtengo Nambala 47

Nthawi inali 7:15 m'mawa, Lachiwiri la mu Disembala, pamene a Belmira anafika m'nkhalango ya kuseri kwa Chimbonila. Mvula inali itangokata. Mtembo wa Dotora Elisabete unali chafufumimba pansi pa mtengo, masuku atayoyoka mbali zonse, ena atapondedwapondedwa. Kunkhongo kunali bala limodzi lokha.

A Belmira ndi aja a ku Lulimile, mumzinda wa Lichinga, apolisi ofufuza milandu kwa zaka makumi awiri, amene anthu amati anatsekera mlamu wawo weniweni pa nkhani ya mbuzi, moti apongozi awo sawalankhula mpaka lero. Sapupuluma mayi amenewa. Anzawo ali kalikiliki ndi mtembo, iwo anali kuyang'ana mtengo. Pathunthu panali kachitsulo kokhomedwa ndi msomali, kolembedwa 47.

Malemuwo anachokera ku Maputo, ndipo ntchito yawo inali yachilendo ndithu: kufufuza ngati nkhalango imapindulitsa anthu ikakhala chiimire kuposa ikasanduka makala. Paja kuli kampani ina yakunja imene imalipira midzi kuti isadule mitengo, ati mitengoyo imameza utsi woipa wa m'mlengalenga. Mtengo uliwonse woyezedwa unali ndi nambala yake m'buku. Dotora akanalemba kuti zikuyenda bwino, boma likanafalitsa dongosololi m'chigawo chonse cha Niassa.

Pofika 10 koloko apolisi anali atagwira kale Mahamudu, wootcha makala. Msika wonse unkadziwa kuti Loweruka anakwezerana mawu ndi Dotora. Shefe, mkulu wa polisi, anangoti, "Achemwali Belmira, mlandu watha uwu. Mawa masana apite kukhoti." A Belmira anapita kukamufunsa okha Mahamuduyo. Munthu wa ana asanu akalowa pa mlandu wakupha, kutuluka kwake n'kwa imvi.

"Che Mahamudu, munakangana chiyani ndi Dotora?"

"Anandifunsa kuti thumba limodzi la makala limadya mitengo ingati. Ine ndinati, mayi, nanga ana anga amadya kangati patsiku, mwafunsa?"

"Kenako?"

"Anaseka, n'kulemba zomwezo m'kope lawo. Mpaka anandigulira fanta. Walahi, ndikawaphe chifukwa cha fanta?"

"Makala anu mumaotchera kuti?"

Apa Mahamudu anakana kutchula malowo.

Nthawi ya 12:30 kupolisi kunabwera Amílcar, enjenyeru woyeza mitengo ya polojekitiyo. Iii, mwamuna wa mafuta onunkhira ameneyo! Njinga yake yamoto yatsopano atsikana a ku Lulimile amaidziwa ndi kulira komwe. Anabweretsa yekha buku la mitengo, misozi ili lengelenge.

"Anali ngati mayi anga, Dona Belmira. Anthu a makalawa ndi zilombo."

"Dzulo munali kuti?"

"Ku Meponda, kunyanja, tsiku lonse. Kunkhalangoko ndinapondako komaliza mu Okutobala."

Atachoka, a Belmira anakhala pansi ndi bukulo. Manambala okhaokha, otopetsa. Anatsetsereka ndi chala mpaka pa 47, n'kuima. Panalembedwa kuti mombo, wokhomedwa kachitsulo zaka zitatu zapitazo.

Mombo? Nanga masuku aja anagwa kuchokera kumwamba?

Pofika 3 koloko anali atabwerera kunkhalango ndi pulayala. Msomali wa pa 47 unangozuka mosavuta, uli wee kung'anima. Msomali wa zaka zitatu khungwa limakhala litaumeza, dzimbiri lili thoo. Anayesa 48, anayesa 52. Yonse inali yatsopano, ndipo mitengo yambiri sinkagwirizana ndi mayina a m'buku.

Anapita molunjika kuchitolokosi.

"Che Mahamudu, za makala sindikumangirani ine. Mitengo imene munadula inali ndi manambala?"

Mahamudu anapuma mozama. "Inali nawo, kuphiri kuja. Enjenyeru ankayamba iwo kubwera ndi nyundo kudzazula tizitsulo, ife n'kumadula pambuyo. Pa matumba atatu, limodzi linali lawo. Anati ndikadzayasamula, wopita kundende ndine."

Lachitatu, 9 koloko m'mawa, Amílcar anakhala pampando mu ofesi ya a Belmira. A Belmira anaika patebulo msomali, kachitsulo, ndi suku limodzi.

"Enjenyeru, inu ndinu ophunzira. Tandiuzani, mombo unayamba liti kubala masuku?"

"Ndi kulakwitsa polemba, Dona. Zimachitika."

"Mitengo makumi atatu? Ku Meponda ndinaimbako. Amayi oyanika usipa akuti munafika 4 koloko madzulo, mukupereka moni mokuwa kwa aliyense, ngakhale amene simuwadziwa. Adokotala akuti bala lija si la nkhwangwa, ndi la nyundo. Ndipo anzanga ali panja apo, atsegula chikwama cha panjinga yanu, apezamo nyundo. Mwaitsuka ndithu, koma pamene chitsulo chimakumana ndi mpini simunafikepo, magazi akadalipo."

Fungo la mafuta lija linasakanikirana ndi thukuta. Amílcar anayang'ana suku lija nthawi yaitali.

"Nkhalango yeniyeni inatha chaka chomwechino," anatero chapansipansi. "Ndinasamutsira manambala kuno kuti alendo akabwera azipeza mitengo ili chiimire. Onse ankangojambula zithunzi n'kumapita. Koma Dotora ankawerenga buku mtengo ndi mtengo. Lolemba anandiitana, anaima pa 47, akudya suku. Anati, 'Amílcar, ndilemba zimene ndaona.' Ndinawagwadira. Ndinati polojekiti ikatsekedwa midzi isanu itaya thandizo, osati ine ndekha."

"Anati chiyani?"

"Anati dongosolo lomangidwa pa mitengo yoti kulibe lidzagwera anthu omwewo, ndipo lidzagwera Niassa yense. Atatembenuka kuti azipita... nyundo inali m'manja mwanga."

A Belmira analemba zonse, osawonjezera kanthu. Chimene chinkawavuta mumtima n'chakuti pa za midzi isanu ija mnyamatayo sananame.

Nthawi ya 11:40 anatsegulira Mahamudu okha. Mkazi wake anali panja kuyambira m'mawa, mwana kumsana, atanyamula kapu ndi nsapato za mwamuna wake. Mahamudu anavala, n'kuyamba kutsika masitepe.

"Che Mahamudu," a Belmira anamuitana, kachitsulo kaja kali m'manja. "Mombo weniweni wa nambala iyi, mukuukumbuka?"

"Waukulu uja? Anthu awiri sitinkaukumbatira. Unatulutsa matumba asanu ndi limodzi."

"Anapita kuti?"

"Konkuno ku Lichinga, mayi. Mu Juni muja, kukuzizira. Ambiri ndinagulitsa ku Lulimile."

A Belmira anakumbuka mbaula yawo ya mu Juni, ndi mmene anayamikirira kuti makala a ulendo umenewo sankathetheka, ankayaka mpaka phulusa loyera. Anaika kachitsuloko mu envulopu ya umboni, n'kumata.