Madzi Otentha pa Galasi la Ambrose

Sungeni anakumana ndi Ambrose pa siteji ya basi ku Hamilton, kudziko la azungu, sinowo yogwa ngati ufa wozizira ikumulowa m'khosi. Anali atangoweruka kosamalira okalamba, ndipo ankayankhula pafoni m'Chichewa pamene galimoto yofiira inaima pafupi.

"Achemwali, Chichewa chabwino chonchi chiumire panja? Kwerani."

Anakwera. Basi, mtima unapita tsiku lomwelo.

Ambrose ankati amakhala ku Oakville ndi mlongo wake. Mameseji ake anali otsekemera: "Duwa langa, wadzuka bwanji? Sinowo ikangosungunuka ndikukaonekera kwa amalume ako." Sungeni ankawawerenga mpaka kuwaloweza.

Chimodzi chokha chinkamuopsa. Mwamunayu anali waulesi popala ayezi pa galasi lakutsogolo. Ankangoboola kamalo ngati chikhatho, n'kumayendetsa akusuzumira.

"Mudzandifera pa highway inu," Sungeni ankadandaula.

"Ine ndinayendetsapo m'matope a ku Ntchisi, bebi. Ayezi n'chiyani?"

Loweruka lina m'mawa Ambrose anabwera kudzamwa tiyi. Ali m'nyumba kunagwa mvula youndana, galimoto yonse n'kukutidwa ndi ayezi. Atayang'ana nthawi anadzambatuka, akuti mlongo wake akufuna galimotoyo. Anapala kamalo kake kaja.

Sungeni sanapirire. Kwawo ku Dedza, mkazi wokonda mwamuna amamutenthetsera madzi kukazizira. Nanga galasi lingakane madzi otentha? Anatuluka ndi ketulo yowira, akumwetulira, n'kukhuthulira madzi onse pagalasi.

Thee! Mng'alu unayenda kuchokera mbali ina kukafika ina.

Manyazi anamugwira mpaka kumapazi. Mzungu woyandikana naye anasiya kuchotsa sinowo ndi fosholo n'kumangopukusa mutu.

"Pepani, wokondedwa. Sindimadziwa. Ndimafuna muziona bwino msewu."

Ambrose sanakalipe. Akanakalipa zikanakhala bwino. Ankangoyang'ana mng'aluwo, mpaka foni yake inalira. Anapotoloka pang'ono, koma kunja kunali zii, mawu onse ankamveka.

"Eee, amake Chipo, ndili m'njira. Galimoto yanu ili ndi kavuto... ayi, ndi mwala, thiraki yandigenda pa highway. Mumuuze mwana adadi akubwera."

Mwamuna sadzitchula adadi kwa mwana wa mlongo wake. Sungeni anakumbukira kampando ka mwana kamene kankakhala kobisidwa m'buti, kamene anauzidwa kuti n'ka mdzukulu wa abwana.

"Amake Chipo ndi ndani?"

"Duwa langa, ndikufotokozera bwinobwino..."

"Ndiye ine ndasanduka mwala wa thiraki?"



Nyengo yonse yozizira Sungeni anakhala pampando wa mkazi mnzake, akudzifunditsa bulangete la m'galimoto ya mkazi mnzake. Anali atauza kale amayi ake pafoni kuti wapeza munthu. Akawauza chiyani tsopano? Misozi inatsika, n'kuzizira isanafike pachibwano.

Ambrose analowa m'galimoto kuti athawe. Madzi aja anali ataundananso pagalasi, moipa kuposa poyamba. Analiza injini, akusuzumira pa mng'alu.

Sungeni anaika ketulo pansi. Anatola chopalira chimene mwamunayo anachitaya pa sinowo, n'kuima kutsogolo kwa galimoto. Anapala galasi lonse, la kumbuyo, ndi magalasi a m'mbali, zala zikumuwawa.

Ambrose anatsitsa windo. "Ndimadziwa kuti umandikondabe."

"Si za inu," anatero Sungeni, akumuponyera chopaliracho pamiyendo. "Chipo akudikira adadi ake. Muyende pang'onopang'ono, ndipo njira ya kuno muiiwale."