Foni Yolira Kamodzi

Tsiku limene Esinati Kachigamba analumikiza Bwalo ku mafoni a pansi pano, amuna a ndevu zawo analira ngati makanda. Wina anamva tambala akulira kwawo ku Chitipa, wina anatukwanidwa ndi mkazi wake, koma onse ankangoti, "Abale inu, zoona ndi kumudzi kumeneku?"

Bwalo linali makina oyankhulirana pa siteshoni ya Nthanda, imene inkayandama kutali pamwamba pa mitambo, kukolola dzuwa n'kutumiza magetsi ku Malawi. Misonkhano, malangizo a ntchito, ngakhale miseche, zonse zinkadutsa m'Bwalo, koma mawu ake ankathera m'zipupa za siteshoniyo. Wofuna kumva za kwawo ankadikira chombo. Akuluakulu a kampani anavomera mochita kukokedwa kuti Bwalo lilumikizidwe kunja, ndipo anati pasamalowe mafoni osokoneza ntchito. Choncho Esinati, injiniya wa Bwalo, anaika sefa yotaya mafoni oimbidwa ndi makina komanso mafoni ongolira pang'ono n'kuduka. Anaiika mothamanga, mtima uli kwina.

Mtimawo unali ku Ntchisi. Kumeneko anasiya mwana wake mmodzi yekhayo, Mwayiwawo, m'manja mwa mkulu wake, a Felesiya. Mwanayo anabadwa ndi mtima wobooka. Chipatala chaching'ono cha kwawoko chinali ndi loboti yotha kusoka mtima, koma lamulo linali lakuti lobotiyo singakhudze mwana isanamve mawu a kholo lomubereka likuvomera. Bambo ake a Mwayi anamwalira kale. Mawu otsala anali a Esinati basi.

Foni yake yoyamba inawapeza a Felesiya ali pachulu, pamene pamagwira netiweki.

"Mwanayu wayambanso befu, Esinati. Milomo ikumada."

"Pitani naye kuchipatala, achemwali, chonde! Akanena za opaleshoni mundiuze msanga."

"Mayunitsi ndiwatenga kuti ine? Ndidzakuflasha, iwe udzaimbe. Foniyi ndimazimitsa, batire lake ndi la manyi a nkhuku."

Anaseka onse, foni n'kuduka.

Kuyambira pamenepo kunali zii. Esinati ankaimba m'mawa, ankaimba masana, yankho lili lomwelo: nambalayi sikupezeka. Chakudya chinasiya kulowa. Ankakonza mawaya khutu lili tcheru, ndipo mantha ankamudya ngati chiswe.

"Bwalo, alipo wandiimbira?"

"Palibe, mayi Kachigamba," makinawo ankayankha mwaulemu wake wotopetsa uja.

Ankadzilimbitsa mtima kuti kukhala chete ndiye kuti kuli bwino. Bodza lenileni, ndipo iye ankadziwa.

Amene anamutsegula maso ndi a Zgambo, owotcherera zitsulo, munthu wosasunga mawu m'kamwa. Anamupeza m'chipinda chodyera atagwira tsaya.

"Alongo, makina anuwa ndi abwino, koma andiphera banja. Mayi a kunyumba aja amandiflasha ngakhale ndili kuseri kwa nyumba. Lero sabata yatha osaflasha? Kaya apeza wina!"

Anthu anaseka. Esinati sanaseke. Kapu inamupulumuka. Anathamangira kuchipinda cha makina, akuwomba zitseko ndi mapewa.

"Bwalo! Alipo anandiflasha?"

"Kuflasha sindikudziwa, mayi."

"Foni yolira kamodzi n'kuduka!"

"Zimenezo zimabwera zambiri, makamaka kuchokera ku nambala ina ya ku Ntchisi. Ndimazitaya, monga munandilamulira. Loboti ya chipatala china inaimbanso dzana ndi dzulo. Poti ndi makina, ndinaitayanso."

"Mayo ine! Mayo, mwana wanga!"

Iye yemwe, mwana wa ku Ntchisi, amene anakula akuflasha amalume ake kuti amutumizire sopo kusukulu, anaiwala kuti kwathu foni yolira kamodzi ndi munthu amene akukuwa alibe mayunitsi. Anazula sefayo zala zikuphonya mabatani. Anaimba. Sikupezeka. Anaimbanso. Sikupezeka. Anagwada pansi, chipumi atatsamiza pa chitsulo chozizira, akupempha Mulungu, akupempha batire la a Felesiya, akupempha ngakhale chulu chija.

Kenaka Bwalo linalira kamodzi, n'kuduka.

Anabweza foniyo nthawi yomweyo, ndipo atangomva kuti yayankhidwa anayamba kukuwa.

"Ndikuvomera! Achemwali, ikani foni pa lobotiyo! Ndine Esinati Kachigamba, mayi ake a Mwayiwawo, ndikuvomera, musokeni mwana wanga!"

Kumbuyo kwa a Felesiya kunkamveka mphepo, ndiponso azimayi akuimba nyimbo yapansipansi, ija saimbira odwala.

"Esinati," anatero mawu atasasa, "ndakwera chulu ichi mpaka miyendo yatupa. Loboti inayatsa magetsi ake, mwana ali pabedi, ikungodikira iwe. Mwayi ankati, 'Aflasheninso, mwina ali pa ntchito.' Unali kuti, mwana wa amayi?"

Esinati anayang'ana kunja. Pawindo dziko linkazungulira mwakachetechete, lobiriwira, losafikirika.

"Foni yatha," linatero Bwalo. "Kodi nambala imeneyi ndiziilola?"

Makinawo sanalakwitse kanthu. Anamvera mawu a Esinati bwino lomwe, ndipo ndi mawu omwewo amene mwana wake anafa akuwadikira.